MANKHWALA OTSUKIRA SEFA NDI MADZI AMENE TIMAMWA

Mawu oyamba

Tonsefe tikudziwa kuti madzi a mumtsinje sitingangowatunga ndi kumwa, makamaka nthawi ya dzinja pamene afiira ndi matope. Ife amene timamwa madzi a pampopi timakhulupirira kuti kwinakwake kuli anthu amene awayeretsa madziwo asanafike kwa ife, ndipo mwezi ndi mwezi timalipira ndalama kaamba ka ntchito imeneyi. Koma ndi ochepa mwa ife amene amadziwa zimene zimachitika kumalo oyeretsera madziko. Munthu wosadziwa sangathe kufunsa, ndipo wosafunsa amangolandira chilichonse chimene wapatsidwa.

M'mutu uno tiphunzira za mankhwala a mitundu iwiri amene amagwiritsidwa ntchito pamalo amodzi, koma ntchito zake ndi zotsutsana. Ena amasonkhanitsa litsiro kuti lichoke m'madzi. Ena amasungunula litsiro kuti lichoke pa sefa. Onsewa ndi ofunika. Vuto limabwera pamene mankhwala otsukira sefa aloledwa kukakumana ndi mankhwala osonkhanitsa litsiro aja.

Chifukwa chiyani madzi ovunduka sadikha msanga?

Tikatunga madzi ovunduka m'ndowa ndi kuwasiya usiku wonse, mchenga ndi matope olemera amatsikira pansi, koma kawirikawiri madziwo amakhalabe otuwa. Chimene chimawatuwitsa ndi tinthu ting'onoting'ono ta dothi, ta masamba owola ndi tizilombo toyambitsa matenda. Tinthu timeneti ndi topepuka kwambiri kotero kuti tina tingatenge masiku ambiri kuti titsike, ndipo tina tingatenge zaka.

Pali chifukwa chinanso. Mabatire a wailesi ali ndi mbali ziwiri, yowonjezera ndi yochotsera. Tinthu ta litsiro tija nato tili ndi mphamvu yonga ya magetsi, ndipo pafupifupi tonse tili ndi mphamvu ya mbali yochotsera. Mphamvu zofanana zimakankhana. Motero tinthuti sitingagwirane kuti tilemere, timangoyandama kalikonse pakokha.

Ntchito ya alamu

Pofuna kuthetsa vutoli, ogwira ntchito kumalo oyeretsera madzi amathira mankhwala otchedwa alamu, kapena ena ogwira ntchito yofanana ndi yomweyo. Mu alamu muli aluminiyamu, chitsulo chomwe chija amapangira mapoto. Mankhwala ena amakhala ndi chitsulo chenicheni cha mtundu wa dzimbiri. Akalowa m'madzi, mankhwalawa amabweretsa mphamvu ya mbali yowonjezera imene imathetsa kukankhana kuja. Komanso alamuyo amasanduka timibulu tofewa, tomata ngati phala, timene timakola litsiro ndi tizilombo. Madziwo amatakasidwa mwamphamvu kwa kanthawi kochepa, kenaka pang'onopang'ono, kuti timibulu tigwirane, tikule, tilemere ndi kutsikira pansi pa thanki. Ntchito imeneyi tiziitcha kuundanitsa litsiro, popeza ikufanana ndi mmene mkaka umaundanira posanduka chambiko.

Akatero, madzi a pamwamba amadutsa m'sefa, ndipo pomaliza amathiridwa klorini wopha tizilombo totsala. Mabungwe opereka madzi m'mizinda ya kuno ku Malawi amadalira njira imeneyi: kuundanitsa litsiro, kudikhitsa, kusefa pa mchenga ndi kuthira klorini.

Nkofunika kudziwa kuti alamu sagwira ntchito m'madzi amtundu uliwonse. Amayi amadziwa kusiyana kwa zinthu zowawasa monga mandimu ndi bwemba, ndi zinthu zonga chidulo kapena soda wophikira therere. Akatswiri amayesa kusiyana kumeneku ndi muyeso wotchedwa pH, umene umayambira pa 0 mpaka pa 14. Madzi a pakatikati ali pa 7, owawasa ali pansi pa 7, ndipo onga chidulo ali pamwamba pa 7. Alamu amagwira bwino ntchito pamene madzi ali pakati pa 6 ndi 7.5 kapena pafupi pamenepo. Madzi akawawasa kwambiri, kapena akakhala ngati chidulo, timibulu tija sitipangika bwino ndipo aluminiyamu amangokhala wosungunuka m'madzimo.

Masefa a nembanemba

Pa zaka 30 zapitazi mizinda yambiri ya m'maiko ena yayamba kugwiritsa ntchito masefa a mtundu watsopano m'malo mwa mchenga, kapena poonjezera pa mchengawo. Akatswiri amawatcha membrane, ndipo ife tiziwatcha masefa a nembanemba chifukwa ndi opyapyala ngati kachikopa ka m'kati mwa chigoba cha dzira. Ambiri amapangidwa ndi pulasitiki ngati timaulusi tamphako m'kati monga bango, ndipo timaulusi zikwizikwi timamangidwa pamodzi m'paipi imodzi. Madzi amakankhidwa kuti adutse m'timabowo ta m'khoma la kaulusiko, ndipo litsiro limatsalira.

Kuti timvetse kuchepa kwa timabowoti, titenge milimita imodzi ya pa rula ndi kuigawa magawo 1,000. Gawo limodzi lotere limatchedwa maikuloni. Tsitsi la munthu ndi lonenepa maikuloni pakati pa 50 ndi 100. Kachilombo ka kolera ndi kotalika maikuloni pafupifupi 2. Tsono timabowo ta masefawa timakhala maikuloni 0.1, ndipo tina 0.01 chabe.

Chitsanzo cha kufupi ndi kwathu kuno ndi mzinda wa Windhoek m'dziko la Namibia, kumene madzi ndi osowa kwambiri. Mzindawu udayamba mu 1968 kuyeretsa madzi ogwiritsidwa kale ntchito kuti akhalenso akumwa. Malo ake atsopano a Goreangab, amene adatsegulidwa mu 2002, adamangidwa kuti aziyeretsa malita 21 miliyoni pa tsiku. Kumeneko amaundanitsa litsiro koyambirira, madzi nkudutsa m'njira zina zingapo, ndipo chakumapeto amadutsa m'masefa a nembanemba. Apa tikuona kuti sefa yatsopanoyi siidathetse ntchito ya kuundanitsa litsiro. Ziwirizi zimayendera limodzi, chifukwa litsiro lambiri likachotsedwa koyambirira, sefa imakhalitsa osatsekeka.

Sefa nayo imada

Mayi aliyense amadziwa kuti sefa ya ufa imatsekeka ndipo imafuna kuikutumula. Masefa a nembanemba nawo amatsekeka. Pa mphindi 20 mpaka 60 zilizonse makina amabweza madzi oyera chambuyo kuti akankhe litsiro limene lamatirira. Koma pali litsiro lina limene silichoka ndi madzi okha. Ndiye chifukwa chake pakapita masiku angapo amathira mankhwala pang'ono m'madzi obwezawo, ndipo pakapita mwezi kapena miyezi ingapo amaimitsa sefayo ndi kuiviika m'mankhwala amphamvu kwa maola angapo.

Mankhwala otsukira masefawa alipo a mitundu inayi ikuluikulu:

1. Klorini wamadzimadzi, wofanana ndi Jik amene timachapira zovala. Ameneyu amapha tizilombo ndi kuchotsa utelezi umene timapanga pa sefa.

2. Soda woyabwa, yemwe uja amapangira sopo. Ameneyu amasungunula zotsalira za masamba ndi zomera zowola.

3. Asidi. Wodziwika kwambiri ndi citric acid, yemwe ndi asidi wopezeka mwachilengedwe m'mandimu ndi m'malalanje. Ameneyu amasungunula dzimbiri, laimu ndi zotsalira za alamu zimene zauma pa sefa.

4. Mankhwala onga sopo, amene amatakasula litsiro kuti lisamatirirenso.

Tikaonetsetsa mndandandawu tipeza kuti mankhwala onsewa adasankhidwa chifukwa amatha kumasula litsiro, kulisungunula ndi kulibalalitsa. Imeneyi ndiyo ntchito yotsutsana ndi ya alamu. Makamaka asidi wa mandimu uja adasankhidwa dala chifukwa amatha kusungunula alamu.

Madzi otsukira amapita kuti?

Akatha kutsuka, pamatsala madzi akuda okhala ndi litsiro komanso mankhwala. Kuwataya mumtsinje osawakonza ndi kuwononga nsomba ndi anthu okhala kumunsi. Kuwataya konse ndi kutaya madzi amene awonongetsa kale ndalama. Tiganizire za mzinda wa Blantyre, umene madzi ake ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndiponso mokwera phiri. Dontho lililonse lofika kumeneko lalipiridwa magetsi. Choncho paliponse pamene madzi ndi osowa kapena okwera mtengo, oyang'anira amafuna kubweza madzi otsukira aja koyambirira kuti akasakanikirane ndi madzi atsopano ndi kuyeretsedwanso.

Maganizo amenewa ndi abwino pamene madzi obwezedwawo alibe mankhwala. Akakhala ndi mankhwala, amakafika pamalo penipeni pamene alamu akuthiridwa.

Zimene zimachitika mankhwalawa akakumana

Choyamba ndi chachikulu chimachokera kwa asidi wa mandimu. Asidiyu amapana aluminiyamu ndi chitsulo monga mmene nkhanu imapanira chinthu ndi zala zake, ndipo sataya. Aluminiyamu wopanidwa chotere sangasanduke timibulu ndipo sangakole litsiro. Alimo m'madzimo, koma ali ngati munthu womangidwa manja. Asidi wochepa chabe, mamiligalamu owerengeka pa lita imodzi, ndi wokwanira kuchepetsa timibulu ndi kusiya madzi ali otuwa. Wogwira ntchito amene sakudziwa chimene chachitika amangoonjezera alamu, ndalama nkumapita.

Aluminiyamu wopanidwa uja ndi wosungunuka, choncho amadutsa m'sefa, ngakhale ya nembanemba, ndi kufika ku mpopi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization limalangiza kuti malo akuluakulu oyeretsera madzi asalole aluminiyamu wotsala kupitirira mamiligalamu 0.1 pa lita, ndipo malo ang'onoang'ono asapitirire 0.2. Amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi odwala impso, popeza impso ndizo zimachotsa aluminiyamu m'thupi. Kuonjezera apo, asidi wa mandimu ndi chakudya cha tizilombo. Akalowa m'mapaipi amathandiza tizilombo kuswana.

Chachiwiri ndi kusintha kwa pH. Madzi otsukira okhala ndi soda woyabwa amatha kufika pa 12, ndipo okhala ndi asidi amatsika mpaka pa 2. Madzi otere akathiridwa ambiri nthawi imodzi, amachotsa madzi onse pamuyeso uja wa pakati pa 6 ndi 7.5, ndipo kwa mphindi kapena maola angapo alamu amalephera kugwira ntchito.

Chachitatu ndi klorini. Akakumana ndi zotsalira za zomera zowola zimene zisanachotsedwe m'madzi, pamapangika mankhwala ena osafunika m'thupi otchedwa trihalomethane. Katswiri wina wa ku Rotterdam, Johannes Rook, ndiye adaulula zimenezi mu 1974. Komanso klorini wambiri amaphulitsa ndere za m'madzi, ndipo zam'kati mwake zimafuna alamu wochuluka kuti zichoke. Izi sizitanthauza kuti tiziopa klorini. Klorini wothiridwa pomaliza, m'madzi oyera kale ndiponso pa muyeso wake, wapulumutsa anthu osawerengeka ku kolera ndi taifodi. Cholakwika ndi kumufikitsa pamalo osayenera.

Chachinayi ndi mankhwala onga sopo aja. Ntchito ya sopo pochapa ndi kukuta litsiro kuti liyandame m'madzi osabwereranso pa nsalu. Akafika m'thanki yodikhitsira madzi amachita chimodzimodzi: amaletsa litsiro kugwirana.

Pamwamba pa zonsezi, madzi otsukira amanyamula litsiro ndi tizilombo tonse timene sefa idagwira. Choncho amabweretsa tizilombo tochuluka pa nthawi yomwe alamu wafooka. Ndipo vutoli limadzibala lokha. Litsiro likalephera kuundana, sefa imatsekeka msanga. Ikatsekeka msanga imatsukidwa kawirikawiri, ndipo mankhwala obwerera koyambirira amachulukirachulukira.

Phunziro la ku Milwaukee

Ena angafunse kuti: kodi madzi kutuwa pang'ono kwa maola ochepa ndi nkhani? Yankho tingalipeze pa zimene zidachitika mu mzinda wa Milwaukee ku America mu 1993. Mzindawu umamwa madzi a m'nyanja ya Michigan. Pa nthawiyo malo ake oyeretsera madzi ankasefa pa mchenga, osati pa nembanemba, koma phunziro lake ndi la kuundanitsa litsiro. Mu 1992 adasiya alamu ndi kuyamba mankhwala ena atsopano, ndiponso malo a kummwera kwa mzindawo ankabweza madzi otsukira masefa koyambirira. Kumapeto kwa Malichi 1993 litsiro lidalephera kuundana bwino ndipo madzi otuluka pamalopo adayamba kutuwa.

M'madzimo mudadutsa kachilombo kotchedwa Cryptosporidium, kamene kukula kwake ndi maikuloni 4 mpaka 6. Kachilomboka kali ndi chigoba cholimba ndipo klorini wa muyeso wa masiku onse sakapha. Njira yodalirika yokachotsera inali kukakola m'timibulu ndi kukasefa. Anthu pafupifupi 403,000 adadwala matenda otsegula m'mimba. Oposa 50 adamwalira, ndipo ambiri mwa iwo adali odwala Edzi, amene matupi awo sakadatha kulimbana ndi kachilomboka. M'mwezi wa Epulo akuluakulu a mzindawo adalengeza kuti anthu onse aziwiritsa madzi, koma apo nkuti ambiri atadwala kale. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka.

Tsoka limeneli lidachititsa mizinda yambiri kuyamba kugula masefa a nembanemba. Lidachititsanso kuti mu 2001 boma la America likhazikitse lamulo lapadera lonena za kabwezedwe ka madzi otsukira masefa, loti madziwo azidutsanso m'njira zonse zoyeretsera, kuyambira pa kuundanitsa litsiro. Ife a kuno, amene m'mabanja mwathu muli ana aang'ono, okalamba ndi anthu okhala ndi kachilombo ka HIV, tiyenera kulimvetsa bwino phunziroli.

Njira zopewera vutoli

Akatswiri amadziwa zoyenera kuchita, ndipo sizovuta kuzimvetsa:

1. Kusiyanitsa madzi otsukira. Opanda mankhwala angathe kubwezedwa. Okhala ndi mankhwala azisungidwa m'thanki yawoyawo.

2. Kupha mphamvu ya mankhwala. Asidi ndi soda akasakanizidwa pa muyeso woyenera amathetsana mphamvu mpaka pH itafika pa 7. Klorini amathetsedwa ndi mankhwala otchedwa sodium bisulphite.

3. Kukumbukira kuti asidi wa mandimu sathera pamenepo. Ngakhale pH itafika pa 7 ndipo madzi aleka kuwawasa, zala za nkhanu zija zimakhala zikadalipo ndipo zimapanabe alamu. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Madzi otere ndi bwino kuwatumiza kumalo okonzera madzi a zonyansa, kumene tizilombo timadya asidiyo mpaka kutha.

4. Kubweza pang'onopang'ono. Ngati madzi ayenera kubwezedwa, azilowa modontheza tsiku lonse, osati onse nthawi imodzi.

5. Kuyesa kaye m'mabotolo. Wogwira ntchito amatenga mabotolo 6 a madzi omwewo, kuthira alamu wosiyanasiyana m'botolo lililonse, kutakasa ndi kuona kuti ndi liti ladikha bwino. Kuyesa kumeneku kuzichitika ndi madzi obwezedwa aja ali momwemo.

6. Kutsukuluza sefa bwinobwino isanayambenso ntchito, ndi kutaya madzi oyamba kutuluka.

Zonsezi zimafuna thanki yoonjezera, zipangizo zoyesera ndi anthu ophunzitsidwa. Ndi zinthu zotere zimene zimayamba kuchotsedwa pa mapulani ndalama zikachepa.

Zikutikhudza bwanji ife?

Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 udadwalitsa anthu oposa 58,000 m'Malawi muno ndi kupha oposa 1,700. Klorini amapha kachilombo ka kolera, koma m'madzi otuwa tizilombo timabisala m'litsiro ndipo klorini amathera pa litsirolo. Choncho ntchito ya kuundanitsa litsiro ikalephereka, ndi moyo wathu umene uli pa chiswe.

Masiku ano masefa a nembanemba ang'onoang'ono akufika m'zipatala, m'sukulu ndi m'makomo kudzera m'mabungwe othandiza. Ambiri a ife timadikhitsanso madzi m'ndowa ndi alamu, ndi mankhwala a m'timapaketi, kapena ndi njere zosinja za cham'mwamba, zimene akatswiri a yunivesite ya Leicester adaziyesa kumalo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990 ndi kupeza kuti zimaundanitsa litsiro. Lamulo lake ndi lomwe lija. Ndowa yodikhitsira madzi isakhale ndi sopo wotsalira. Tisathire mandimu m'madzi amene tikufuna kudikhitsa ndi alamu. Madzi amene tatsukira sefa tisawabwezere m'ndowa ya madzi akumwa. Tikatsuka sefa ndi mankhwala, titsate malangizo a amene adaipanga, ndipo madzi oyamba kutuluka titaye. Tidikhitse kaye, tisefe, ndipo WaterGuard kapena klorini abwere pomaliza.

Tilinso ndi udindo ngati nzika. Mu 2010 msonkhano waukulu wa United Nations udavomereza kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wachibadwidwe wa munthu aliyense. Kuno kwathu mabungwe asanu opereka madzi amagwira ntchito potsata lamulo la 1995, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani kuchokera ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Motero si mwano kufunsa zotsatira za kuyesa kwa madzi athu. Madzi a pampopi akatuwa, akasintha fungo kapena kakomedwe, tiwawiritse tisanamwe ndipo tikanene msanga ku ofesi ya bungwe la madzi kudzera m'komiti yathu ya pa kiyosiki kapena kwa khansala.

Pamene boma kapena bungwe lina libwera ndi makina atsopano osefera madzi m'dera lathu, tiwalandire ndi manja awiri, koma tifunse mafunso awa: Kodi sefayi izitsukidwa ndi mankhwala anji? Mankhwalawo azigula ndani chithandizo chikatha? Madzi otsukira azipita kuti? Ndani waphunzitsidwa kuyesa madzi, ndipo zotsatira zake aziuza yani? Safunsa adadya phula.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi madzi amene timamwa m'dera lathu amachokera kuti, ndipo amayeretsedwa motani?

2. Fotokozani m'mawu anuanu kusiyana kwa ntchito ya alamu ndi ntchito ya mankhwala otsukira sefa.

3. Ndi anthu ati m'mphakati mwathu amene angavutike kwambiri madzi atapanda kuyeretsedwa bwino? Tingawateteze bwanji?

4. Madzi a pampopi kapena pa kiyosiki akatuwa timakanena kwa yani? Ngati sitidziwa, ndani mwa ife akafufuze ndi kudzatiuza pa msonkhano wotsatira?